Napolo Alibe Poothera Dzuwa

Lolemba

Chiperoni. Phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, la Michesi nalonso lafunda. Kamvula kosanyowetsa koma kosaleka, kuzizira kolowa m'mafupa.

Napolo akudwala. Ndamutulutsa m'madzi m'mawa uno, ndamutembenuza. Chigoba chili ndi mawanga oyera, m'mphepete mwafewa, ndikadina ndi chala mukupindika ngati lata lopyapyala. Chakudya akungochiyang'ana.

Napolo ndi nkhasi, kamba wa m'madzi, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Anabwera ndi madzi osefukira aja, chaka chimene miyala inatsika m'phiri. Anthu anataya mbuzi, nyumba, minda. Ife kutacha tinapeza nkhasi pakhonde, ili phee m'matope. Malemu mkazi wanga Elube anaitola, n'kuseka koyamba sabata imeneyo: "Ndiye Napolo wogumula mapiri amene timamuopa uja ndi ameneyu?" Dzina linakhala, mwini dzinanso anakhala.

Elube atayamba kudwala, mwana wathu Tadala anabwera ndi bokosi lagalasi kuchokera ku Limbe, aja amawetera nsomba zokongoletsa m'nyumba, kuti mayi ake azimuona Napolo ali chigonere. Bokosilo likadali pomwepo, kuchipinda, pambali pa bedi, kumene dzuwa silinafikepo. Elube ndiye kulibe. Mawu omaliza amene anandisiyira sanali okhudza ine. Anati, "Musamutaye Napolo."

Ndamutumizira Tadala chithunzi cha chigobacho. Wayankha pafoni: "Adadi, ndafufuza pa intaneti. Nkhasi siyenera kungokhala m'madzi. Imafuna pouma poti ikwere, iziothera dzuwa, apo ayi chigoba chimaola. Seriyasi, adadi, afa ameneyo."

Zofunika:
- pokwerera
- pouma pogona
- dzuwa

Basi! Munthu ndakhala ndikukhoma zidebe pa Chiringa chiyambire unyamata, ndowa, mbaula, makeni othirira dimba, ndingalephere kakhonde ka nkhasi? Pofika Lachitatu ndidzakhala nditatha.

Za Lamulungu sindikuziganiza. Alamu anga a Wayisoni, mlongo wake wa Elube, mwinimbumba pamudzi pano, adutsa ndikutsuka galasi. Sanakhale pansi. "Alamu, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tikumane pang'ono. Za kusudzula zija. Ndi mwambo chabe, musaganize zambiri."

Mwambo chabe! Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera kuchokera ku Chiradzulu ndi nyundo ndi bulangeti, nyumba ndinamanga ndine, koma pa dothi la eni ake. Mkazi akamwalira, miyezi ikapita, abale ake amakhala pansi n'kukumasula. Mwina akuuza kuti khala usunge pakhomo, mwina akuthokoza. Akakuthokoza kwambiri, manga katundu. Kwathu makolo anatha kalekale, munda anagawana ana a mlongo wanga, ndipo ndi wawodi.

Koma sindikuziganiza. Ndikuganiza za lata.

Lachiwiri

Ndajomba kuntchito. Ndadula lata labwino, ndalipinda, kuno kotsetsereka kokwerera, pamwamba pathyathyathya pogona. M'mphepete ndabweza bwinobwino kuti lisamucheke. Ntchito yokongola, yoti nditaiika pamsika wina angafunse mtengo asanadziwe n'chiyani.

Napolo waiyang'ana nthawi yaitali. Waika mwendo. Waika wina. Wasomphola khosi ngati munthu wofuna kulankhula pamaliro. Kenako tsereree, chubwi!

Wayesanso. Chubwi!

Wapita pakona, wandipatsa msana.

Zimene ndayesa:
- kuboola timabowo ndi msomali kuti zikhadabo zizigwira. Zagwira, koma zakodwa, ndachita kumuwonjola
- kumangirira chubu cha njinga pokwererapo. Wachiluma, akuyesa nyama
- kugoneka lata kuti lisatsetsereke kwambiri. Lamira lonse
- kumukweza ndekha ndi manja

Chomalizachi chatheka, ngati kumeneko n'kutheka. Ndisanamufikitse pamwamba wandilipira m'manja momwemo, ndipo fungo la nkhasi sopo salidziwa. Akuluakulu sananame, kamba amanyera amene wamtola. Koma anamtola ndi Elube. Bwanji malipiro akufikira ine?

Apongozi anga, mayi ake a Elube, nyumba yawo yayang'anana ndi yathu. Chikwatire sitinalankhulanepo maso ndi maso. Ndi mwambo, ndi ulemu, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, kawirikawiri ine. Akakhala ndi mawu oti ndimve amauza nkhuku zawo. Akamazikalipira m'Chilomwe, nkhaniyo ndi ya nkhuku ndithu. Akasinthira m'Chichewa, tchera khutu, ndi yako. Lero Chichewa chokhachokha.

"Shii! Nkhuku inu, mukamva kugogoda tsiku lonse musayese akukonza ndowa yanga ija. Ndowa yanga inayamba kudontha kalekale. Akumangira nkhasi nyumba yosanja."

Nkhuku sizinayankhe.

Chakumadzulo a Wayisoni abweranso. Aima pabwalo, manja kumbuyo, maso pa denga, osati pa ine. "Malata awa ndi aja olimba, eti alamu? Sanadonthepo?" Mwana wa mng'ono wake wa Elube akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo mnyamata wakeyo sanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe. Mudzi wonse ukudziwa kumene akwatiwo akagone. Ndine ndekha amene sindiyenera kudziwa.

Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Lero kuterereka ndakuona kokwanira, ndikagone.

Lachitatu

Lata ayi. Mwala. Tadala akuti ukhale wathyathyathya koma wokhakhala, woti zikhadabo zigwire.

Miyala kuno si yosowa, madzi aja anatitulira theka la phiri m'minda. Ndatenga njinga, ndatsikira kumunsi kwa minda ya nandolo. Yambiri ndi yobulungira, ina yaikulu ngati ng'ombe. Kenako ndaupeza, uli wokha m'mphepete mwa munda: wathyathyathya, wokhakhala, wopendekeka pang'ono mbali imodzi. Ndauzula, ndaumanga pakaliyala, ndakankha njinga mpaka kunyumba, thukuta kamukamu kunja kuli chiperoni.

Ndautsuka. Ndauika mugalasi pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba. Wakwana! Napolo waununkhiza, wauzungulira, waika mwendo umodzi, waika wachiwiri, sakuterereka!

A Wayisoni pakhomo: "Alamu! Mwala wa pamalire uli kuti?"

Zili chonchi. Madzi atafafaniza mizere yonse chaka chija, anthu anakangana miyezi yambiri za pamene munda wa uje unkathera, mpaka anagwirizana n'kuika miyala. Umenewu ndi wa pakati pa munda wa a Wayisoni ndi wa banja lina limene salonjerana nalo mpaka lero. Ine ndinalipo poika? Ayi. Mkamwini saitanidwa pa nkhani ya malire, dothi si lake. Ndiye ndikanaudziwa bwanji? Kwa munthu wopanda munda mwala ndi mwala.

Ndauchotsa m'madzi Napolo akadaugwira. Ndaumanganso pakaliyala, ndakankhanso njinga. Kumunda ndapeza mbali zonse ziwiri zitaima, manja m'chiuno. Dzenje lake likuoneka poyera, lonyowa, koma aliyense akuti linali cha uko pang'ono. Mayi wa banja linalo akulankhula ndi mitambo: "Amutuma ameneyu. Akufuna achoke atatidyera mizere." A Wayisoni chapansipansi: "Sabata ino, alamu? Mwa masabata onse a Mulungu?"

Mawu oti "achoke" ndawamva. Ngakhale adani a banja lino akudziwa.

Kuseri kwa khitchini ya apongozi kuli mphero, mwala woperera uja. Chibwerere chigayo palibe waigwira, yamera ndere. Yathyathyathya, yokumbika pang'ono pakati, mbali imodzi yotsika. Ngati pali mwala umene Mulungu analengera nkhasi, ndi umenewo. Kupempha pamaso sindingathe. Ndiye ndachita chimene sindinachitepo chibadwire: ndaima pakati pa bwalo, ndatsokomola, ndalankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku inu, mphero ija ikungogona kuseri uko. Ikanathandiza wodwala."

Kenako mawu kuchokera m'khitchini, Chichewa chomveka bwino lomwe:

"Nkhuku inu, pa mphero imeneyo ndinkaperapo mawere a phala la Elube asanamere mano. Si yogonapo zokwawa."

Ndalowa m'nyumba. Zandiwawa kwambiri chifukwa sakunama.

Napolo sanadye.

Lachinayi

Chikuni. Ndagula kwa amayi otsika ndi nkhuni kuphiri, ndasankha chonenepa, chouma, chamakungwa ake. Chikuni chilibe malire, ndafunsa kawiri.

M'madzi chikuyandama bwino. Napolo wakwera mbali iyi, chagubuduka. Wazungulira, wakwera mbali inayo, chagubudukanso. Wayesa kumutu kwake, chamira n'kumumenya pachibwano. Nkhasi ikhoza kukuyang'ana monyoza, sindinkadziwa.

Ndachitulutsa kuti ndichiseme pansi pake pakhale pathyathyathya. Ndachiimika pakhonde, ndalowa kukasaka kasemasema. Kutuluka, kulibe. Akazi awo a alamu akuphika kalongonda, nyemba zosapsa msanga zija, ndipo kalongonda amadya nkhuni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndachipeza pamoto, chonyowa chomwecho, chikulira thovu.

"Aa, chinali chanu, alamu? Ndimayesa changogona."

Pabwalo lino chilichonse chongogona n'cha mbumba. N'chifukwa chake ine sindigona pakhonde masana.

Masana mitambo yang'ambika. Dzuwa! Ndathamanga, ndapungula madzi, ndanyamula galasi ndi Napolo yemwe, msana ukulira. Pabwalo pano pali malo amodzi okha pamene dzuwa la nyengo yozizira limafika mphepo osawomba, pakati pa nkhokwe ndi khoma la khitchini. Ndafikapo ndikupuma wefuwefu, ndapeza mphasa ya apongozi, makaka atayanikidwa kale, chinangwa chili mbuu mphasa yonse. Andipitirira nthawi yanji, munthu woyenda ndi ndodo?

Ndaika galasi chapambali, theka padzuwa theka mumthunzi. Zotsatira zake:
- nkhuku zabwera kudzamwa madzi
- tambala wapeza tambala mnzake m'galasimo, ayambana
- mbuzi ya alamu yadya chubu chija
- Napolo wabweza mutu, miyendo, mchira, zonse
- dzuwa labwerera kwawo

Ndanyamulanso, msana waliranso.

China. Posintha madzi ndapeza mitu ya matemba pansi pa galasi. Ine ndimamupatsa nyongolotsi ndi ziwala, matemba ndimadya ndine ndikawapeza. Dzulonso inalimo. Chitseko sindikiya ndikachoka, wakuba angabe chiyani muno? Ndiye kuti pali wina akulowa kuchipinda kwanga ine kulibe, n'kumandidetsera madzi. Mwina ndi amene akudzayeza chipinda cha akwati, akuponyera nkhasi kanthu kuti isaulule.

Mawanga aja akula. Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Lachisanu

Chiperoni chabwerera, chatenga ndi abale ake. Tadala: "Adadi, ngati dzuwa kulibe akuti muike babu lotentha pamwamba pake." Babu! Mawaya a magetsi analekezera pa Chiringa. Ndili ndi kasola ka Elube kotchajira foni. Babu lake ndaligunditsa patsaya, lozizira ngati mphuno ya galu.

Ndiye ndayamba kuganiza, ndipo pamenepa m'pamene munthu wanzeru akanapita kukagona. Ndati kutentha ndi kutentha. Mbaula ndimakhoma ndekha, ndipo pa Chiringa palibe wondiposa. Ndakoleza makala. Mugalasi ndaika njerwa zotsala pomanga nyumba ino, zanga zenizeni, zoumba ndi manja anga, ndayala kathaulo pamwamba. Ndasendeza mbaula pafupi.

Napolo watulutsa mutu. Wamva kufunda. Wasambira, wagwira thaulo, wakwera! Theka lokha, matako akadali m'madzi, koma wakwera! Ndaombera m'manja ndekha m'chipinda. Ndasendezanso mbaula pang'ono kuti amalize.

Thee!

Lata ukalitenthetsa limakukhululukira. Galasi lozizira silikhululuka. Mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako mbali yonse yagwera kunja, madzi khuthuu pa mbaula. Nthunzi, phulusa, utsi, fungo la nkhasi chipinda chonse. Napolo pansi pa bedi. Ine chogwada m'madzi ndi magalasi, ndikumuitana dzina ngati angavomere.

Anthu athamanga, akuyesa nyumba ikupsa. A Wayisoni patsogolo, maso pa malata. Apeza mkamwini atagwada mu utsi, mbaula pambali, nkhasi m'manja, chala chikuchucha magazi. Angobwerera chambuyo mmodzimmodzi.

Dzuwa lisanalowe nkhani yafika kale pamjigo. Akuti ndikukhwima, ndikufukiza nkhasi kuti Lamulungu abale adzasowe chonena. Ndikanakhala ndi mankhwala otseka pakamwa ndikanayambira pa zimene zimauzidwa nkhuku.

Ndasesa magalasi. Pagalasi limeneli Elube ankagogoda ndi chikhadabo m'mawa uliwonse, Napolo n'kubwera kudzagunda mphuno. Masabata omaliza dzanja silinkafika, ndinkasendeza tebulo. Matenda sanaliswe, maliro sanaliswe anthu atadzaza nyumba. Ndaliswa ndine, ndi mbaula yanga yabwino ija. Ndakhala pabedi ndalira. Sindinalire chonchi ngakhale kumanda, kumene anthu ankandiyang'ana kuti aone ngati mkamwini akulira mokwanira.

Napolo ali m'ndowa yogulitsa. Tadala sindinamuuze.

Nkhuku lero sizinauzidwe kanthu, m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Pokataya magalasi kudzala ndaona apongozi ataima pakhomo pa khitchini yawo, akuyang'ana zimene ndanyamula. Ndapatuka, ndadzera kuseri.

Loweruka

Tsiku limene zidebe zimayenda malonda, ine ndili pakhomo. Ndadula mgolo wakale pakati, ndabweza m'mphepete, ndathira madzi, ndauika pakhonde. Napolo alimo. Mulibe pokwerera, mulibe pouma, kumwamba kulibe dzuwa. Sabata yathunthu ya ntchito, ndipo ndabwerera pamene ndinayambira Lolemba, kuchotsapo galasi.

Ndowa ya apongozi ndaimata. Ndaitenga ndekha pathandala, ndaibweza pomwepo. Ntchito yotha tiyi asanazizire. Si chiphuphu. Pamjigo anena kuti n'chiphuphu, mwina anena kale, koma ine ndangofuna kukhoma chinthu chimodzi sabata ino chimene chichite zimene ndachiuza.

Azimayi akuphika thobwa la mawa, m'miphika ikuluikulu. Thobwa lambiri chonchi saphikira munthu amene akukamuuza kuti khala.

Tadala wafika masana, minibasi mpaka pa Chiringa, kenako kabaza. Walowa kuchipinda, waona tebulo lopanda kanthu. Wakhala pabedi, mbali ya mayi ake. Kenako wati: "Adadi, tiyeni ku Limbe." Ku Limbe amagona chipinda chimodzi ndi mnzake wa kuntchito. Ndikagona pati, pansi pa tebulo ine ndi nkhasi? Iye pano ndi kwawo, dothi ili ndi lake kudzera mwa mayi ake, koma mawa adzakhala mwana. Amalume ake akamalankhula iye amayang'ana pansi, tinamulera choncho tokha.

Chakumadzulo ndamuika Napolo m'ndowa, ndapalasa mpaka kudambo. Kadzuwa kofooka katulukira pansi pa mitambo, ndipo anzake alipo, ena pa zitsa, ena pa miyala, makosi m'mwamba, popanda wowakhomera lata kapena kuwakolezera mbaula. Ndagwada m'mphepete, ndapendeketsa ndowa. Napolo wayang'ana madzi, wayang'ana ine, wabweza mutu.

Ndadziuza kuti uku si kutaya, n'kumubweza kwawo. Ndanena mokweza kuti ndimve m'mene zikumvekera. Zikumveka ndendende ngati zimene ndidzauzidwe mawa.

Ndabwerera naye.

Ndalongedza zida. Kungoziika pamodzi chabe, zinamwazika:
- nyundo
- lumo lodulira malata
- chidutswa cha njanji chokhomerapo
- bulangeti

Bulangeti si chida, ndikudziwa. Kuseri kwa shedi yanga pa Chiringa kuli kachipinda kosungiramo zidebe. Ndinakayeza ndi maso kalekale. Munthu atapinda miyendo akwanamo.

Lamulungu

Dzuwa. Lero! Kumwamba kuli mbee, phiri lonse poyera mpaka timitsinje tikung'anima m'matanthwe. Sabata yonse ndalipempha, labwera kudzaonerera.

Kuchokera ku tchalitchi tangofikira pansi pa mango a alamu. Apongozi ku tchalitchi sanapite, akuti miyendo, koma pamkumano afika, akhala kumbuyo kwa azimayi atafulatira.

Andithokoza. Andithokoza kwambiri. A Wayisoni: "Alamu athuwa sanatukwanepo munthu pamudzi pano. Mlongo wathu anamusamala mpaka tsiku lomaliza, tinaona ndi maso athu. Nyumba anamanga yolimba. Ndiye ife tikuti tisawamange miyendo, akadali ndi mphamvu, apite akaone zina." Za mwala wa malire sanatchule. Za mbaula sanatchule. Zinangokhala nafe pamphasa.

Tadala sanayang'ane pansi. Wati nyumba ndi ya bambo ake. Amuyankha mokoma kuti ayi, nyumba ndi yake iyeyo, akwati aja angomusungira poti iye ali ku tauni. Ndamugwira dzanja kuti asiye. Ali ndi moyo wonse woti akhale ndi anthu amenewa.

Thobwa linali labwino, sindinganame.

Ndapempha chinthu chimodzi, kuti Napolo ndipite naye. A Wayisoni aseka mpaka kutsokomola. "Tengani, alamu! Tengani ndi mgolo womwe!"

Ndapita pakhonde. Mgolo palibe. Pali mzere m'dothi pamene wina waukoka, wadutsa bwalo, walowera pakati pa nkhokwe ndi khitchini. Ndautsata.

Mphasa ya makaka yapindidwa, yatsamira khoma, lero dzuwa lili chonchi. Pamalo pake pali mgolo. Mumgolomo muli mphero, yotsukidwa, ndere zonse zachoka, mbali yotsika ili m'madzi, inayo pouma. Kaya anatuma ndani kuinyamula. Pamwamba pake Napolo, pakati penipeni pokumbika paja, khosi atasomphola, miyendo yakumbuyo atatambasula, maso atatsinzina, chigoba chauma gwa. M'madzi mukuyandama mitu ya matemba.

Ndangoima. Kenako kumbuyo kwanga ndodo, go, go, go. Miyendo yayamba yokha kupatuka. Koma ndasudzulidwa, sindinenso mkamwini wa munthu, palibenso choopana. Apongozi azungulira mgolo, aima patsogolo panga, andiyang'ana m'maso. Maso awo ndi a Elube. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

"Bambo a Tadala," atero, kwa ine, osati kwa nkhuku. "Uyu musamutenge. Ndi yekhayu wanditsalira amene ankadya za m'manja mwa mwana wanga."

Inenso ndinkadya za m'manja mwake, koma sindinanene.

"Koma mgolowu ine sindingaukhuthule. Madzi mumasintha liti?"

Munthu sungaphunzire kuyankha nkhope imene wakhala ukuithawa moyo wako wonse, tsiku lomwe akuchotsa. Ndatembenuka, ndapeza nkhuku zili pansi pa nkhokwe, zikusamba fumbi.

"Nkhuku inu, auzeni Lachitatu ndi Loweruka. Ndizibwera."

Ndikulemba izi pa Chiringa, pakati pa zidebe, miyendo yopinda. Zofunika zinali pokwerera, pouma pogona, ndi dzuwa, ndipo Napolo wapeza zonse. Kachipinda kano kalibe zenera. Matayala a njinga ndapopa kale.